Ku Jeppestown Nyanja Imabwera M'mabotolo

Mukachoka pakati pa mzinda wa Johannesburg n'kulowera kum'mawa potsata msewu wa Main kapena wa Commissioner, simuyenda mtunda wautali musanalowe m'dera la Jeppestown. Nyumba zazitali za mabanki zimatsala m'mbuyo, ndipo m'malo mwake mumaona nyumba zakale za njerwa zofiira, mafakitale amene adasanduka malo ogona, magalaja okonzera galimoto, matchalitchi a m'zipinda zam'mwamba ndi timagolosale totetezedwa ndi zitsulo. Maminibasi amaimba mabelu osalekeza. M'mbali mwa msewu mumamveka Chizulu, Chisutu, Chishangani, Chishona, Chiswahili, ndipo mukatchera khutu bwino mumamvanso Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka.

Kuno kulibe nyanja. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere. Kuti mufike ku Durban muyenera kuyenda makilomita pafupifupi 570, ndipo ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400. Komabe ndi kuno kumene mlimi wa ku Dedza kapena ku Katete angayambire kumva nkhani ya ndere za m'nyanja yamchere ndi tizilombo timene timakhala pakhungu pake, nkhani imene ikukhudza ndithu dimba lake ndi ndalama za m'thumba mwake.

Dera la golide ndi alendo

Jeppestown ndi limodzi mwa madera akale kwambiri mu Johannesburg. Golide atapezeka m'chaka cha 1886, anthu adakhamukira kuno kuchokera kumbali zonse, ndipo pasanathe zaka zambiri malo a kum'mawa kwa migodi adadulidwa mapuloti. Dzina la derali lidachokera ku banja la a Jeppe, lochokera ku Germany, limene lidali ndi gawo pa kampani yogulitsa malowo. Poyamba kudali kokhala azungu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Anthu akuda ankasungidwa m'mahositelo a amuna okhaokha, monga ya Wolhuter imene anthu amangoitchula kuti hositelo ya Jeppe, ndipo ilipo mpaka lero.

Kwa ife a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete, dzina loti Joni si lachilendo. Agogo athu adabwera kuno kudzera ku Wenela. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda lidaimitsa ulendowo. Patapita zaka zochepa udayambiranso kudzera ku Theba mpaka m'chaka cha 1988. Masiku ano anthu amabwera okha pabasi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ambiri amasoka zovala, amagulitsa m'masitolo, amalondera, ndipo ochuluka ndithu amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Kensington, Bedfordview ndi madera ena a anthu opeza bwino.

Moyo wa kuno si wofewa. M'mwezi wa April 2015 komanso mu September 2019 kudabuka zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, ndipo Jeppestown ndi dera loyandikana nalo la Malvern adali pakati pa malo amene masitolo adathyoledwa ndi galimoto kutenthedwa, makamaka mumsewu wa Jules. Mbali ina ya derali, imene kuyambira cha m'ma 2009 imatchedwa Maboneng, idakonzedwanso n'kukhala ndi malo odyera ndi ogulitsira zojambula, pamene misewu iwiri kapena itatu kuchokera pamenepo mabanja akupanikizana m'zipinda zogawa ndi makatani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mvula yopita ku nyanja ziwiri

Johannesburg adamangidwa pa chitunda cha Witwatersrand, chimene chimagawa madzi a mvula pawiri. Madzi ogwera chakumpoto amalowa mumtsinje wa Jukskei, umene umayambira pansi pa nyumba ndi misewu ya kufupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park, pafupi kwambiri ndi Jeppestown. Jukskei amathira mu Crocodile, Crocodile mu Limpopo, ndipo Limpopo amakafika m'nyanja ya Indian kufupi ndi Xai-Xai ku Mozambique. Madzi ogwera chakumwera amatsata mitsinje ya Klip, Vaal ndi Orange mpaka kukagwera m'nyanja ya Atlantic, pamalire a South Africa ndi Namibia.

Ku Lorentzville, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Jeppestown, Jukskei amatulukira poyera mungalande ya simenti pafupi ndi malo otchedwa Victoria Yards. Malowa kale adali a mafakitale, koma lero pakati pa nyumba zake pamalimidwa ndiwo zamasamba, zitsamba zokometsera chakudya ndi mitengo ya zipatso. Bungwe la Water for the Future lakhala likugwira ntchito ndi anthu a m'derali yoyeretsa gawo limeneli la mtsinje. Ntchitoyo ndi yaikulu, chifukwa madziwo amatuluka atasakanizika kale ndi zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi. Kumunsi, pa damu la Hartbeespoort, zonyansa zomwezo zimanenepetsa namasupuni, udzu womwe uja umene umavutitsa mumtsinje wa Shire.

Choncho zimene zimatayidwa m'misewu ya kuno zimakafika kunyanja. Nayonso nyanja ili ndi njira zake zofikira kuno.

Mabotolo awiri

Njira yoyamba mumaipeza pa msika wa Kwa Mai Mai, umodzi mwa misika yakale kwambiri mumzindawu, pafupi ndi msewu waukulu wa M2. Pamsikapo pamanunkhira nyama yowotcha ndi utsi wa zitsamba. Pamagulitsidwa makungwa, mizu, zikopa, mikanda, nsapato zopangidwa ndi matayala, ndiponso zigoba za nkhono za kunyanja. M'misika ya mankhwala azitsamba ya mu Johannesburg mumapezekanso madzi a m'nyanja yamchere othiridwa m'mabotolo, amene anthu amagula pa miyambo yawo ya kudziyeretsa. Alangizi a zaumoyo ayenera kukumbutsa anthu kuti madzi amchere otere si akumwa, makamaka kwa ana ndi kwa odwala nthenda yothamanga magazi kapena ya impso.

Njira yachiwiri ili m'masitolo ogulitsa mbewu ndi zipangizo za m'munda. Kumeneko kuli mabotolo a madzi abulauni ofinyidwa kuchokera ku ndere zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa kelp. Odziwika kwambiri ndi a Kelpak, opangidwa ku Simon's Town kufupi ndi Cape Town. Abale athu osamalira maluwa amawadziwa bwino mabotolowa, chifukwa mabwana awo amawatuma kuti athirire mbande zikangowokeredwa. Ena amaganiza zotumizako kumudzi pamodzi ndi mabulangete ndi mafuta ophikira. Kodi ndi ndalama yogwiritsa ntchito bwino? Kuti tiyankhe, tiyenera kuyamba tadziwa chomera chimene chili m'botolomo ndi mmene chimakhalira kwawo.

Nkhalango ya pansi pa madzi

Ife tikamati ndere timaganiza za utoto wobiriwira woterera wa pamiyala ya m'nyanja ya Malawi, umene nsomba za mbuna zimapala ndi mano awo. Ndere za m'nyanja yamchere ndi zamitundu itatu: zobiriwira, zofiira ndi zabulauni. Zilibe mizu yeniyeni, maluwa kapena njere. Zimangogwira mwala ndi timiyendo tolimba, ndipo chakudya zimatenga m'madzi kudzera pathupi lonse.

Kelp wa ku South Africa, amene asayansi amamutcha Ecklonia maxima, amamera m'madzi ozizira a kugombe la kumadzulo, kuchokera ku Namibia mpaka kupitirira Cape Agulhas. Thunthu lake ndi lamphako ngati nsungwi ndipo limatha kutalika mamita 15, masamba ake n'kumayandama pamwamba pa madzi. Pansi pake pamakhala nkhanu, nsomba ndi nkhono zodula zotchedwa abalone. Alimi a nkhonozi, monga a ku Gansbaai, amadula masamba a kelp kuti azidyetsa, ndipo ena amalima ndere zobiriwira zotchedwa Ulva m'madzi otuluka m'mathanki a nkhonozo.

Ndere za m'nyanja tidazidya kale osadziwa. Zinthu zotchedwa alginate ndi carrageenan, zimene zimalimbitsa ayisikilimu, yogati ndi mankhwala otsukira mano, zimachokera ku ndere. Ayodini, amene amathiridwa mumchere popewa chithokomiro, adapezeka koyamba m'chaka cha 1811 pamene Bernard Courtois wa ku France ankagwira ntchito ndi phulusa la ndere. Ndipo m'malabotale a zipatala, mabakiteriya amameretsedwa pa phala louma lotchedwa agar, lochokera ku ndere zofiira. Nzeru imeneyi idachokera kwa mayi Fanny Hesse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, pamene amuna awo ankagwira ntchito ndi Robert Koch, katswiri amene adatulukira kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu.

Khungu lopanda malo opanda mwini

M'supuni yaing'ono ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala mabakiteriya mamiliyoni angapo. Chilichonse chimene chaviikidwa m'madzimo, kaya ndi mwala, chingwe kapena bwato, chimakutidwa ndi utoto wa tizilomboti pakangopita maola ochepa. Ndere ndiye zimakopa koposa, chifukwa pakhungu pake pamatuluka shuga ndi mpweya wabwino. Pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo pakhoza kukhala mabakiteriya ochuluka mpaka mamiliyoni.

Chomera choterechi chilibe magazi, chilibe asilikali a m'thupi ngati athu, sichingathawe, ndiponso sichingadzikande. Nanga bwanji sichiola? Kwa zaka zoposa 30 akatswiri a ku France, Germany, Australia, Japan ndi maiko ena akhala akufufuza funso limeneli, ndipo apeza njira zitatu zazikulu.

Njira yoyamba ndi kumva kulumidwa. Mabakiteriya ena a m'nyanja amatha kugaya khoma la maselo a ndere. Akamagaya, timagawo ta khomalo timayoyoka, ndipo ndere zimazindikira timagawoto monga mmene mwini nyumba amadziwira kuti kwabwera chiswe akaona dothi pa mtanda wa denga. M'chaka cha 2001 Frithjof Küpper, Philippe Potin ndi anzawo a pa malo a kafukufuku a ku Roscoff m'dziko la France adaonetsa kuti kelp wa mtundu wa Laminaria digitata akamva timagawoti, pakangopita mphindi zochepa amatulutsa hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja ochita thovu amene kuchipatala amatsukira mabala. Mankhwalawo amakhala okwanira kuchepetsa mabakiteriya a pakhungu. Kelp yemweyu amasunga ayodini wochuluka kuposa wa m'madzi omuzungulira kambirimbiri, mpaka ka 30,000, ndipo amamutulutsa akapanikizika. Florian Weinberger ndi Michael Friedlander adapezanso zofanana pa ndere zofiira zotchedwa Gracilaria, zimene zimamva agar wake akayamba kugayidwa.

Chofunika kuona apa n'chakuti chitetezochi sichiyaka nthawi zonse. Chimayaka pokhapokha khoma likayamba kudyedwa, ndipo chimazima msanga. Chikadapitirira, chikadawotcha khungu la mwini wake pamodzi ndi mabakiteriya osalakwa.

Njira yachiwiri ndi kusokoneza mauthenga. Mabakiteriya ambiri sayamba kuononga akakhala ochepa. Aliyense amatulutsa kafungo ka mankhwala, ndipo fungolo likachuluka amadziwa kuti akwana, n'kuyamba kuukira onse pamodzi. Kugombe la Sydney ku Australia kuli ndere zofiira zotchedwa Delisea pulchra zimene khungu lake limakhala loyera modabwitsa. M'zaka za m'ma 1990 Peter Steinberg, Staffan Kjelleberg, Michael Givskov ndi anzawo adapeza kuti nderezi zimatulutsa mankhwala otchedwa furanones, ofanana ndi kafungo kaja. Mankhwalawa amatseka makutu a mabakiteriya, kotero kuti ngakhale alipo sagwirizana. Sizipha mdani, zimangomulepheretsa kuitana anzake.

Njira yachitatu ndi kusankha okhala nawo. M'chaka cha 2019 Mahasweta Saha ndi Florian Weinberger, pogwira ntchito ku Kiel m'dziko la Germany, adaonetsa kuti mtundu wina wa ndere zofiira umatulutsa mankhwala okopa mabakiteriya oteteza, mankhwala omwewo n'kumaingitsa oyambitsa matenda. Iwo adafanizira zimenezi ndi kulima dimba: kubzala zofunika ndi kupalira zosafunika. Mabakiteriya oteteza akadzaza pakhungu, oononga amasowa pokhala, ndipo ena mwa otetezawo amatulutsa mankhwala awo olimbana ndi adani.

Zikachotsedwa tizilombo tonse

Wina angaganize kuti ndere zingakule bwino koposa zitatsukidwa mabakiteriya onse. Zimenezi zidayesedwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Luigi Provasoli adaona kuti Ulva, amene mwachibadwa amatambasuka ngati tsamba la letesi, akameretsedwa m'madzi opanda bakiteriya ndi mmodzi yemwe sapanga tsamba. Amangokhala kachibulu ka maselo osalongosoka. M'chaka cha 2005 akatswiri a ku Japan motsogozedwa ndi Yoshihide Matsuo adapeza mankhwala amene mabakiteriya ena amapanga, n'kuwatcha thallusin, ndipo kadontho kochepetsetsa ka mankhwalawa kamabwezera ndere maonekedwe ake. Pambuyo pake Thomas Wichard ndi anzake a ku Jena ku Germany adaonetsa kuti mitundu iwiri yokha ya mabakiteriya, Roseovarius ndi Maribacter, ikwanira kuti Ulva akule bwinobwino. Umodzi umathandiza maselo kugawikana, winawo umathandiza khoma ndi timiyendo togwirira mwala. Ulva amawaitana ndi fungo lake ndipo amawadyetsa. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2005, wa ku yunivesite ya Cambridge, adapeza kuti pafupifupi theka la mitundu ya ndere imene adaiona imadalira vitamini B12 amene imalandira kwa mabakiteriya.

Palinso china chochititsa chidwi. M'chaka cha 2011 Catherine Burke ndi anzake a ku Sydney adayerekeza mabakiteriya a pa masamba osiyanasiyana a Ulva. Adapeza kuti mitundu ya mabakiteriya idafanana pa magawo 15 okha mwa 100 alionse, koma ntchito zimene ankagwira zidafanana pa magawo 70 mwa 100. Ndiye kuti chomera sichifunsa dzina la wobwera. Chimafuna kuti ntchito zofunika zigwiridwe, monga mmene mudzi umafunira mmisiri, mzamba ndi wosula makasu, kaya akhale a mfunda wanji.

Madzi akatentha

Mgwirizano umenewu umasweka chomera chikafooka. Ku Sydney, nthawi yotentha Delisea pulchra amachepetsa furanones, ndipo bakiteriya wotchedwa Nautella, amene masiku ozizira amangokhala phee, amalowa m'thupi n'kuyeretsa chomeracho mpaka kufa mbali. Mdaniyo sadachokere kutali. Adalipo kale, ankangodikira kuti mpanda ugwe.

Amayi a ku Zanzibar akuidziwa nkhaniyi ndi manja awo. Ulimi wa ndere zofiira zogulitsa kunja udakhazikika pachilumbachi m'chaka cha 1989 ndi mbewu zochokera ku Philippines, ndipo udafalikira m'midzi monga Paje ndi Jambiani. Alimi ake ndi oposa 20,000, ndipo ambiri ndi amayi. Amamanga timitsitsi ta ndere pa zingwe zokhomedwa ndi zikhomo m'madzi osaya, n'kumakolola pakatha masabata pafupifupi 6. Koma madzi osayawo akhala akutentha kuposa kale, ndipo kwafala matenda otchedwa ice-ice: nthambi zimayera ngati madzi oundana, zimafewa, n'kuthyoka. Kafukufuku wa Danilo Largo ndi anzake wa m'chaka cha 1995 adaonetsa kuti mabakiteriya a mitundu ya Vibrio ndi Cytophaga amafulumizitsa matendawa pamene chomera chapanikizika kale ndi kusintha kwa mchere kapena kuwala. Mtundu wa cottonii, umene uli ndi mtengo wabwino, ndi umene udavutika kwambiri, kotero kuti alimi ambiri adatsala ndi spinosum wotsika mtengo.

Dr Flower Msuya, katswiri wa ku Tanzania amene watha zaka zambiri akugwira ntchito ndi alimiwa, sadawapatse mankhwala opha mabakiteriya, pakuti nyanja simungaipopere. Njira imene iye ndi anzake akhala akulimbikitsa ndi kusamutsira ulimiwo kumadzi akuya ndi ozizirirapo, kumene chomera chimapezanso mphamvu zodzitetezera. Izi zidafuna mabwato, maukonde ndi kuphunzitsa amayi kusambira. Mankhwala a matendawo adakhala kusintha malo ndi kalimidwe.

Zomwezi zili m'munda mwathu

Mlimi wa kumtunda asaganize kuti izi ndi za kunyanja kokha. Zimene ndere zimachita pakhungu, mbewu zathu zimachita kumizu.

Zulani mtedza, soya, nyemba kapena nandolo ndipo muone timibulu ta kumizu. Mizu ya mbewuzi imatulutsa mankhwala oitana mabakiteriya otchedwa rhizobia. Mabakiteriyawo amayankha ndi chizindikiro chawo, ndipo mbewu ikazindikira chizindikirocho imafewetsa chitetezo chake n'kuwalola kulowa. M'timibulumo amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Mukang'amba kam'bulu n'kupeza m'kati mwake mofiirira, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Mukapeza moyera kapena mobiriwira, palibe chikuchitika. Inokulanti amene amapakidwa ku mbewu ya soya, monga Nitrofix wopangidwa ku Malawi konkuno, ndi mabakiteriya amoyo. N'chifukwa chake safuna dzuwa kapena kutentha, ndipo mbewu yopakidwa iyenera kubzalidwa tsiku lomwelo m'nthaka yachinyezi.

Chimanga nachonso chimaitana. Chikasowa chakudya m'nthaka, makamaka fosifolasi, mizu yake imatulutsa mankhwala oitana tizilombo ta mtundu wa bowa timene timathandiza kufunafuna chakudyacho. Tsoka lake n'lakuti njere za kaufiti zimamva kuitana komweko n'kumera. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene kaufiti amachulukira m'minda yoguga, ndiponso chimene manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu zimamuchepetsera.

Aflasafe, amene bungwe la IITA lidakonza ndipo akugwiritsidwa ntchito ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amatsata nzeru yodzaza malo. Ndi chuku cha mtundu wosatulutsa poizoni, chimene chimawazidwa m'munda wa chimanga kapena mtedza masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa, kuti chuku chapoizoni chikamabwera chipeze malo atatengedwa.

Izi sizikutanthauza kuti tizilombo tonse ndi abwenzi. Kolera amene adabuka ku Malawi mu 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo mu 2023 adaphanso anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Madzi akumwa ayenera kuthiridwa klorini kapena kuwiritsidwa, ndipo manja ayenera kusambidwa ndi sopo. Madzi onga a mu Jukskei si othirira ndiwo zodya zosaphika. Phunziro la ndere ndi la kusiyanitsa: kudziwa pofunika kupha, ndi pofunika kusunga.

Nanga botolo lija?

Madzi a kelp ali ndi umboni wake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Johannes van Staden ndi ophunzira ake ku yunivesite ya ku Pietermaritzburg adaonetsa kuti madzi a Ecklonia maxima amathandiza mizu kukula, amathandiza mbande kugwira zikawokeredwa, ndipo pa tomato adachepetsa vuto la nyongolotsi zotupitsa mizu. Ku France, shuga wa kelp wotchedwa laminarin adavomerezedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ngati mankhwala opopera mbewu. Sapha tizilombo. Amadzutsa chitetezo cha mbewu kuti matenda akamafika aipeze ili tcheru.

Koma mlimi adziwe zinthu zitatu asanatulutse ndalama. Choyamba, madziwa si feteleza. Chakudya cha mbewu chimene chilimo ndi chochepa kwambiri, ndipo botolo silingalowe m'malo mwa thumba la NPK kapena Urea, kapena ngolo ya manyowa. Chachiwiri, zotsatira zake zimasiyana malinga ndi mbewu, nthaka ndi nyengo. Phindu lake limaoneka msanga pa nazale ndi padimba la tomato, anyezi kapena kabichi kusiyana ndi pa ekala ya chimanga. Chachitatu, pali mabotolo ambiri onenerera. Gulani okhawo olembetsedwa ndi boma, tsatani muyeso wolembedwa, ndipo funsani alangizi a zaulimi. Amene akuganiza zotumiza kumudzi afunsenso malamulo a pachipata cha dziko okhudza mankhwala a ulimi.

Alangizi ndi makalabu a alimi angathe kudziyesera okha. Konzani mabedi anayi ofanana, a mbande za tsiku limodzi. Awiri athirireni madzi a kelp, awiri asiyeni, koma manyowa, madzi ndi kupalira zikhale chimodzimodzi. Lembani m'kope tsiku lowokera, mbande zimene zafa ndi kulemera kwa zokolola. Kenako werengerani ngati zokolola zoonjezerazo zabweza mtengo wa botolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zambiri zimene sizifuna botolo. Anthu a m'zilumba za Aran ku Ireland adapanga minda pamiyala posanjikiza mchenga ndi ndere zimene nyanja idalavula. Ife tili ndi mapesi, masangwi a mtedza, masamba a gliricidia ndi a nsangu, ndowe, ngakhale namasupuni wovuulidwa mumtsinje n'kuwoleretsedwa bwino. Zonsezi ndi chakudya cha tizilombo ta m'nthaka. Kutentha mapesi kumatilanda chakudyacho. Kupopera mankhwala mwachizolowezi, popanda kuyendera munda n'kuona ngati mulidi vuto, kumapha oteteza pamodzi ndi oononga, ndipo kawirikawiri oononga ndi amene amabwerera msanga. N'chimodzimodzinso kupatsa nkhuku makapisozi nthawi iliyonse zikaoneka zofooka: kumasesa mabakiteriya abwino a m'matumbo n'kusiya osamva mankhwala. Ndipo poti nyengo ikutentha, kuphimbira nthaka, kubzala mitengo ya mthunzi m'malire ndi kuthirira m'mawa kapena madzulo ndi njira yathu yochitira zimene amayi a ku Paje akuchita posamukira kumadzi ozizira.

Madzulo mu Jeppestown anthu amabwerera kuchokera kumaganyu, ena atanyamula masamba a mpiru ndi nkhwani ogula pamsewu, ena akukambirana za mtengo wotumizira katundu pa mabasi a ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Pamakonde a nyumba zina ndi kuseri kwa mipanda mumaona zidebe ndi matayala akale mmene mwabzalidwa repu, tsabola ndi anyezi. Anthu ambiri amene amasamalira minda ya eni ake mumzindawu adakulira pa khasu, ndipo ambiri akufuna kudzabwerera ku munda wawo. Pa zaka zimene akhala kuno aphunzira kupanga kompositi, kuphimbira mabedi, kudulira mitengo ndi kusamala madzi. Luso limenelo sililipitsidwa msonkho pa Beitbridge kapena pa Mwanza. Makomiti a chitukuko ndi alangizi a kumudzi angachite bwino kuwafunafuna anthu oterewa akabwerera, n'kuwapatsa bedi limodzi pa munda wachitsanzo kuti aonetse anzawo zimene adaphunzira.